Mwana wanga akupita kuthengo kukayeza mitengo: kodi imeneyi ndi ntchito?

Mayi wina wa ku Mtendere walemba kuti: "Mwana wanga wamkazi anamaliza dipuloma ya zankhalango ku Mwekera, ndipo wakhala chaka ndi theka akundithandiza pamsika. Tsopano amuitana ku pulojekiti yofufuza za nkhalango kuti akakhale research technician. Akuti azikhala kuthengo milungu iwiri kapena itatu akuyeza mitengo. Ine ndinagulitsa tomato ndi malasha kuti aphunzire, ndipo ndinkayembekeza kuti adzakhala muofesi. Kodi kuyeza mitengo ndi ntchito yeniyeni? Ili ndi tsogolo? Nanga mwana wamkazi kuthengo adzakhala bwinobwino?"

Mayi, ndakumvani, ndipo nkhawa yanu si yachabe. Munthu amene ankadzuka m'bandakucha kukaoda tomato kumsika wa Soweto kuti mwana asathamangitsidwe kusukulu ayenera kufunsa ndithu kuti thukuta lake lagula chiyani. Yankho langa ndi lakuti mloleni apite. Koma walira mvula walira matope, choncho ndikuuzani zokoma ndi zowawa zomwe, monga mmene ndaziwonera ine amene ndinayamba ntchito imeneyi ndili wogwira tepi, ndipo lero ndimaphunzitsa anyamata ndi atsikana a msinkhu wa mwana wanuyo.

Tiyambire pa thumba la malasha limene mumagulitsa. Malasha olemera aja, okhalitsa pambaula, amene amachititsa makasitomala kubwereranso kwa inu, amachokera ku mitengo ya miombo monga mtondo, mombo ndi muwanga. Nkhalango ya mtundu umenewu ndi imene yakuta mbali yaikulu ya Zambia, n'kupitirira mpaka ku Angola, Congo, Tanzania, Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe, malo okwana pafupifupi masikweya kilomita 2.7 miliyoni. Matumba amene amalowa mu Lusaka usana ndi usiku, pa njinga ndi pa mathiraki, kuchokera ku Chongwe ndi Rufunsa, ku msewu wa Mumbwa kapena ku Chibombo, onsewo anali mitengo yoimirira mwezi wathawu. Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse, inu nomwe munaona mmene anthu anathamangira kumbaula, ngakhale aja a m'mayadi amene ankaphikira pa sitovu. Ndiye pali mafunso amene boma, mafumu ndi inu amalonda mukufunika yankho lake. Mitengo yatsala yochuluka bwanji? Pamalo pamene pawotchedwa chibili cha malasha, mitengo imabwerera pakapita zaka zingati? Tingadule yochuluka motani pachaka popanda kuitha? Palibe amene angayankhe zimenezi atakhala pampando. Dipatimenti ya Zankhalango, mothandizidwa ndi FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, inachita kalembera wa nkhalango za dziko lonse wotchedwa ILUA, woyamba kuyambira 2005 mpaka 2008, wachiwiri kuyambira 2011 mpaka 2016. Chiwerengero chimene mumamva pawailesi, chakuti Zambia imataya mahekitala 250,000 mpaka 300,000 a nkhalango pachaka, chinafala kuchokera ku kalembera woyambayo. Kuseri kwa malipoti amenewa kuli anthu amene anayenda pansi m'zigawo zonse za dziko, tepi m'manja, kope m'chikwama. Anthu amenewo ndi amene mwana wanu akukalowa m'gulu lawo.

Wofufuza wamkulu, uja wa digiri ya udokotala, ndiye amabwera ndi funso komanso ndalama. Koma iye amafika kuthengo mwina kawiri pachaka. Amene amakhala ndi mitengo tsiku ndi tsiku, amene maso ndi manja ake amasandutsa nkhalango kukhala manambala, ndi technician. Akalakwitsa iye, palibe kompyuta kapena pulofesa amene angakonze.

Ntchito yake imayenda chonchi. Gulu la anthu anayi kapena asanu limadzuka kusanache, chifukwa dzuwa la Okutobala likafika paliwombo mutu sugwiranso bwino. Amatsata GPS kufika pamalo amene anasankhidwa kale pamapu, osati pamene pali mthunzi wabwino kapena pafupi ndi msewu. Pamenepo amadula puloti. Kawirikawiri imakhala hekitala imodzi, mamita 100 mbali zonse zinayi, kukula kuposa bwalo la mpira, ndipo amaigawa m'timagawo 25 ta mamita 20 mbali iliyonse kuti asalumphe mtengo kapena kuuwerenga kawiri. M'makona amakhomamo zitsulo kuti odzabwera zaka zisanu zikubwerazo adzapeze malo omwewo. Kenaka amayamba mtengo umodziumodzi. Mtengo uliwonse umene wafika masentimita 5 m'mimba mwake amaupatsa nambala pa kachitsulo, amalemba dzina lake lasayansi, amauyeza kunenepa, ena amawayeza kutalika ndi kachipangizo kotchedwa clinometer, ndipo amalemba ngati uli moyo, ngati unapsa, ngati anausenda luzi kapena khungwa la mng'oma, ngati njovu inauthyola. Hekitala imodzi ikhoza kukhala ndi mitengo mazana angapo, ndipo pamalo pamene panadulidwa kale n'kuphukiranso imachuluka koposa. Puloti imodzi imatha kudya masiku awiri kapena atatu.

Apa ndichedwepo, chifukwa ndi pamene pagona ntchito yonse. Mtengo sayeza paliponse pamene dzanja lafika. M'mayiko ambiri anagwirizana kuti tepi izizungulira pa mamita 1.3 kuchokera pansi, cha pachifuwa pa munthu wamkulu. Ife timadula kandodo ka muyeso umenewu n'kumayenda nako, chifukwa zifuwa za anthu sizifanana. Ngati malowo ndi otsetsereka, umaima kumtunda kwa mtengo. Ngati mtengo wapendekeka, umatsata kupendekeka kwake. Ngati pa 1.3 pali chotupa kapena mphanda, umasuntha, koma umalemba pamene wayezapo n'kupakapo penti kuti mnzako wam'tsogolo adzayeze pomwepo. Tepi isapotoke, isapendame, isakwere pa chiswe chimene chamata khungwa, ndipo uikoke mofanana nthawi zonse. Mtengo umene tepi wamba yauzungulira masentimita 62.8 ndiye kuti m'mimba mwake ndi masentimita 20. Mwina mukuti, Mayi, kodi zonsezi n'zachiyani pa mtengo wa kuthengo? Chifukwa chake n'chakuti mitengo ya miombo imakula pang'onopang'ono kwambiri. Mtondo waukulu umanenepa ndi mamilimita ochepa chabe pachaka, kuchepa ngati m'lifupi mwa kamtengo ka machesi. Woyeza akapendamitsa tepi pang'ono, walakwitsa ndi mamilimita asanu, ndipo wameza kukula kwa zaka ziwiri. Akachita zimenezo pa mitengo 500, lipoti lidzanena kuti nkhalango ikubwerera msanga pamene sizili choncho, ndipo wina adzapereka chilolezo chodula mitengo imene kulibe.

Ndinaziona ndi maso anga. Chaka china tinabwerera ku mapuloti amene gulu lina linayeza zaka zinayi m'mbuyomo. Mapuloti ambiri anali bwino. Koma pa imodzi tinapeza mitengo ingapo yaonda kusiyana ndi kale, ina yanenepa ndi masentimita 8, ndipo mtengo umene m'kope munalembedwa kuti msuku unali mlombwa, uja timautcha mukwa kuno. Manambala ambiri ankathera pa 0 kapena pa 5, chizindikiro chodziwikiratu chakuti munthu sanagwire tepi, anangoyang'ana n'kulemba. Mwina anali atatopa, mwina madzi akumwa anatha, mwina galimoto inkawadikira. Puloti yonseyo tinaichotsa pa kafukufuku. Zaka zinayi za moyo wa nkhalango imeneyo zinapita osalembedwa, ndipo sizidzabweranso. Usiku umenewo sindinagone, chifukwa ndinkaganiza za ndalama, mafuta ndi miyendo ya anthu imene inathera pachabe. Kuyambira pamenepo wachinyamata aliyense amene ndikumuphunzitsa ndimamuuza kuti ukalephera kuyeza mtengo, lemba kuti sindinayeze, n'kunena chifukwa chake. Mpata wopanda nambala tikhoza kuuzungulira powerengera. Nambala yabodza imalowa m'kati n'kuwononga zonse mwakachetechete. Ngati mwana wanu ndi uja amakubwezerani chenji yonse mukamusiya pa tebulo la tomato, ali kale ndi chinthu chachikulu chimene ntchitoyi imafuna.

Ndikupatseni chitsanzo cha zimene kuyeza mokhulupirika kumabala. Mu 1933 a zankhalango anadula mapuloti pafupi ndi Ndola kuti aone zimene moto umachita ku miombo. Ena ankawatentha msanga, mu Juni kapena Julayi udzu usanaumitsitse. Ena ankawatentha mochedwa, mu Okutobala. Ena sankawatentha konse. Chaka ndi chaka anthu ankapita kukatentha pa nthawi yake n'kuwerenga mitengo, ndipo mu 1959 Colin Trapnell anasindikiza zotsatira zake. Kumene kunkapita moto wa Okutobala, mitengo ikuluikulu ya miombo inatha pafupifupi yonse, n'kutsala udzu ndi mitengo yopirira moto monga mukwa. Kumene ankatentha msanga, nkhalango inakhalabe, osasiyana kwenikweni ndi kumene sankatentha. Langizo limene alangizi amapereka m'midzi mpaka lero, lakuti tenthani tchire msanga, linachokera pamenepo. Dzina limene linatchuka ndi la Trapnell, koma amene ananyamula zikwanje, kulambula malire ndi kuwerenga timitengo kwa zaka zoposa 20 anali anthu a ntchito ngati ya mwana wanu. Kuno kwathu Pulofesa Emmanuel Chidumayo, amene anaphunzitsa ku yunivesite ya UNZA, watha zaka zambiri akubwerera ku mapuloti omwewo, ena a iwo ku Makeni konkuno, ndipo zambiri zimene tikudziwa za mmene miombo imaphukira ikadulidwa zinachokera m'kuleza mtima koteroko. Tikudziwa tsopano kuti miombo imabwerera makamaka kudzera m'zitsa ndi m'mizu, osati m'mbewu. Kamtengo kamene kamera kuchokera kumbewu kamatha zaka zingapo kakuuma kumtunda chilimwe chilichonse pamene muzu wake ukukula pansi. N'chifukwa chake malo amene anawotchapo malasha n'kuwasiya amaphukanso, koma amene anazulapo zitsa kuti alime, kapena amene amapsa moto waukali chaka ndi chaka, amakhala dazi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'ntchito imeneyi kudekhako kumawerengedwa m'zaka.

Si mitengo yokha imene adzayeze. Nkhalango ndi dothi, udzu, masamba ogwa, chiswe, bowa, madzi ndi moto, zonse zolumikizana. Adzakumba dothi pa kuya kosiyanasiyana n'kuliika m'timatumba tolembedwa bwino. Adzatchera maneti pansi pa mitengo kuti awolere masamba amene agwa mwezi uliwonse. Adzamweta udzu wa m'kabwalo ka mita imodzi n'kuuyeza pasikelo, chifukwa udzu ndiwo nkhuni za moto wolusa. Adzaphunzira chifukwa chake bowa wa tente sumera m'munda wa chimanga kapena pansi pa bulugamu: umakhala mogwirizana ndi mizu ya mitengo ya miombo, bowa kupatsa mtengo chakudya cha m'dothi, mtengo kupatsa bowa shuga. Mukadula mtondo mwadula bowa, mwadula vinkubala zimene zimadya masamba ake, mwadulanso uchi, poti njuchi za ku Kabompo ndi Mwinilunga zimadalira maluwa a mitengo yomweyi. Madzi nawonso ali m'nkhani yomweyi. Nkhalango ya Lusaka East, ija timaitcha Forest 27, ndi kumene kumachokera madzi a mtsinje wa Chalimbana. Inachotsedwa pa nkhalango zotetezedwa mu 1983, anthu a kumunsi anadandaula mitsinje itayamba kuuma, ndipo inabwezeredwa mu 1996. Pa mikangano ngati imeneyi, amene ali ndi miyeso ya zaka zambiri amalankhula zomveka kuposa amene ali ndi mawu okha.

Za ofesi zimene munkalakalaka, musataye mtima, chifukwa pafupifupi theka la chaka adzakhala pansi pa denga. Akabwera kuthengo, ntchito imasamukira mu labu ndi pakompyuta. Masamba ndi udzu amaziumitsa mu uvuni pa madigiri 65 kapena 70 mpaka kulemera kwake kutasiya kusintha. Dothi lofuna kudziwa chinyezi chake amaliumitsa pa madigiri 105. Lina amaliumitsa ndi mphepo, kulisefa pa sefa ya mamilimita 2, n'kulitumiza kukapimidwa, mwina kumalo ofufuza za ulimi a Mount Makulu ku Chilanga kapena ku UNZA. Mtengo umene sanaudziwe dzina amathyolako kanthambi ka masamba, ndi maluwa kapena zipatso ngati zilipo, kukapanikiza pakati pa manyuzipepala, n'kukafananiza ndi zitsanzo zouma zimene zimasungidwa ku nthambi yofufuza za nkhalango ku Kitwe kapena ku UNZA. Kenaka pali kulowetsa manambala. Masiku ano ambiri amalemba pa tabuleti ndi mapulogalamu a KoboToolbox kapena ODK ali kuthengo komweko, koma kope la pensulo silinathe ntchito, poti batire imatha ndipo inki imasungunuka ndi mvula. Ntchito ya pakompyutayi ndi yotopetsa maso, mzere ndi mzere, kufufuza ngati wina walemba 250 m'malo mwa 25.0. Amene amaichita mosamala ndi amene amaitanidwanso pulojekiti ina ikabwera.

Mwina mwamvapo za kaboni, poti nkhani yake yafika mpaka m'midzi ya ku Rufunsa ndi m'chigwa cha Luangwa. Mwachidule ndi iyi. Mtengo umakoka mpweya woipa mumlengalenga n'kuusandutsa thupi lake. Pafupifupi magawo 47 pa 100 a kulemera kwa mtengo wouma ndi kaboni, ndiye tani imodzi ya mtengo wouma yasunga makilogalamu 470 a kaboni, amene akanakhala matani 1.7 a mpweya uja mumlengalenga. Makampani ndi mayiko akunja amalipira kuti mitengo isadulidwe, ndipo ndalama zina zimapita kwa anthu a m'deralo. Koma salipira pa mawu. Amafuna miyeso, ndipo amatumiza anthu awo kudzayezanso mitengo ina kuti aone ngati manambala akugwirizana. Zithunzi za setilaiti zimaonetsa pamene pali nkhalango, koma kuti adziwe kulemera kwa mitengoyo pamafunikabe munthu wa tepi pansi. Mapulojekiti otere, monga wa BioCarbon Partners ku Rufunsa ndi ku Luangwa, kapena uja wa boma ndi World Bank ku Eastern Province, ndi amene awonjezera ntchito za mtundu umenewu zaka zapitazi. Lamulo la Zankhalango la 2015 linatsegulanso khomo lakuti midzi iziyang'anira nkhalango zawo, ndipo mudzi uliwonse wotero umafuna wina woti auze anthu zimene ali nazo.

Pali luso lina limene sukulu siphunzitsa mokwanira, ndipo apa mwana wokulira pamsika amaposa anzake: kulankhula ndi anthu. Nkhalango zambiri zili pa malo a mafumu. Sulowa ndi galimoto n'kuyamba kukhoma zitsulo. Umayamba kwa mfumu, kenaka kwa nyakwawa, kugwada, kufotokoza, n'kupempha anthu a m'mudzimo kuti uyende nawo ndi kuwalipira. Anthu akaona alendo ali ndi GPS ndi matepi amaganiza kuti abwera kudzalanda malo kapena kufuna miyala ya migodi, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa zoterezo zinawachitikirapo. Mukukumbukira mmene zinthu zinalili kumayambiriro kwa 2020, nthawi ya mphekesera za opopera mankhwala m'nyumba, pamene mlendo aliyense ankakayikiridwa. Gulu limene silinadziwike kwa eni mudzi limaika moyo wake pachiswe. Pali malo amene sulowa, monga manda ndi nkhalango za makolo, ngakhale GPS italoza pomwepo. Ndipo madala a m'mudzi amadziwa mitengo kuposa ife. Ine mayina ambiri, ndi kusiyanitsa mitengo yofanana pongoyang'ana khungwa kapena kununkhiza tsamba, ndinaphunzira kwa mkulu wina wofula njuchi amene sanapite kusukulu. Safunsa anadya phula. Mwana wanu akakhale wofunsa, ndipo Chinyanja chake akawonjezerepo Chisoli, Chilenje kapena Chibemba cha moni ndi kupempha madzi.

Tsopano funso limene ndikudziwa kuti ndi limene likukusowetsani tulo. Kuthengo kuli zoopsa, sindikubisirani. Kuli njoka, makamaka mphiri imene sithawa munthu. Kuli nkhupakupa, chitedze, njuchi, ntchentche za kashembe m'zigwa za Luangwa ndi Zambezi, ndipo kumalo a nyama kuli njovu ndi njati. Koma zimene ndaona zikugwetsa anthu kawirikawiri si zilombo ayi. Ndi malungo, kuchepa kwa madzi m'thupi, madzi akumwa oipa, ndi ngozi za galimoto pobwerera usiku dalaivala atatopa. Zonsezi zimapeweka ngati pulojekiti ili yolongosoka: neti yogonamo, nsapato zazitali zolimba, madzi okwanira, bokosi la mankhwala, kudziwiratu chipatala chapafupi, lamulo lakuti palibe woyenda yekha, ndi msilikali wa zanyama wa mfuti akamagwira ntchito m'malo a nyama.

Za kukhala mwana wamkazi, ndagwira ntchito ndi atsikana ambiri, ndipo ena mwa oyeza osamala kwambiri amene ndawadziwa ndi akazi. Mphamvu zimene zimafunika ndi za kuyenda ndi kupirira dzuwa, zimene mayi aliyense wa kumunda ali nazo. Choopsa chenicheni kwa iye si nkhalango koma anthu, ndipo ndinene mosapsatira. Msasa uli kutali, netiweki kulibe, ndipo amene amasaina alawansi ndi mwamuna wamkulu. Ndinaonapo mtsikana waluso akusiya ntchito chifukwa mkulu wa gulu ankamuvutitsa, ndipo ife amene tinali naye tinachedwa kuzindikira. Zimandipwetekabe mpaka lero. Choncho asanasaine, afunse mafunso awa popanda manyazi: m'gululi muli akazi angati? Adzagona mu tenti yake kapena ndi mkazi mnzake? Kosamba ndi kodzithandizira kwakonzedwa bwanji? Wina akamuvutitsa, akanene kwa yani amene si mkulu wa gulu yemweyo? Pulojekiti yabwino imayankha zimenezi mosavuta, chifukwa inaziganizira kale. Imene ikwiye ndi mafunsowa yadziulula yokha. Inuyo mukhale ndi nambala ya ofesi yawo ya ku Lusaka, mudziwe dera limene apita ndi tsiku lobwerera.

Pa za ndalama, pali chinthu chimodzi chimene muyenera kuchimvetsa. Ntchito zambiri zotere ndi za kontirakiti, chaka chimodzi, ziwiri kapena zitatu, malinga ndi ndalama za pulojekiti. Zikatha, munthu amafunanso ina. Malipiro a pamwezi nthawi zambiri si aakulu, ndipo chimene chimakweza ndi alawansi ya masiku a kuthengo. Msampha uli pomwepo: wachinyamata amazolowera ndalama za miyezi ya kuthengo, n'kuiwala kuti nthawi ya dzinja misewu ikatsekeka maulendo amachepa. Mulangizeni kuti azikhalira malipiro a pamwezi, alawansi azisunga kapena kulipirira maphunziro. Kontirakiti ikhale yolembedwa, aiwerenge yonse, ndipo aone kuti muli penshoni ya NAPSA, inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA, ndi chitetezo akavulala pantchito. Lamulo la ntchito la 2019 limanena kuti wa kontirakiti yopitirira chaka alandire gratuity, ndalama ya pakutha pa kontirakiti, yosachepera magawo 25 pa 100 a malipiro ake oyambira, ndipo limapatsa mayi woyembekezera milungu 14 ya tchuthi. Afunsenso kuti nsapato, tenti ndi chakudya cha kuthengo akugula ndani.

Tsogolo lilipo, koma silibwera lokha. Ndaona anthu awiri oyamba tsiku limodzi, wina patapita zaka khumi akadali pomwepo, wina akutsogolera kalembera wa chigawo chonse. Kusiyana kwawo kunali kwakuti wachiwiriyu sanakhutire ndi kulemba manambala, ankafuna kudziwa kumene akupita. Mwana wanu achite zinthu zitatu m'zaka ziwiri zoyamba. Adziwe mitengo, mayina asayansi ndi a zinenero zathu, mpaka azitha kuitchula ngakhale itayoyola masamba, chifukwa anthu odziwa zimenezi ndi ochepa kwambiri m'dziko muno ndipo ambiri a iwo akukalamba. Aphunzire pulogalamu ya pakompyuta ya Excel bwinobwino, kenaka QGIS yojambulira mapu ndi R yowerengera, ziwiri zomalizazi ndi zaulere. Ndipo atenge laisensi yoyendetsa galimoto. Akatero akhoza kupitiriza digiri ku Copperbelt University, kumene kuli sukulu ya zachilengedwe, kapena ku UNZA, ndipo adzapeza kuti zimene anzake akuloweza m'buku iye anazigwira kale ndi manja. Ofufuza amene wawagwirira ntchito mokhulupirika ndi amene amalemba makalata omuchitira umboni, ndipo maphunziro ambiri a masters amapezeka kudzera mwa iwo. Apemphenso kuti dzina lake lizilembedwa m'malipoti amene wathandiza, chifukwa ambiri a ife tinagwira zaka zambiri dzina osaoneka paliponse, ndipo zimenezo si zoyenera. Makomo ena ndi Dipatimenti ya Zankhalango, ZAFFICO ku Copperbelt kumene amadzala paini ndi bulugamu, dipatimenti ya zanyama zakuthengo, bungwe loteteza chilengedwe la ZEMA, ndi makampani amene amaunika malo migodi kapena misewu isanayambe.

Pomukonzera ulendo woyamba, musawononge ndalama pa zovala zatsopano. Ku salaula mupeza mathalauza olimba ndi malaya a manja aatali a mtundu wa khaki kapena wobiriwira mofuwa. Apewe zakuda ndi zabuluu, chifukwa kashembe amakopeka nazo. Nsapato zokha ndi zimene muyenera kugula zabwino, zofika pamwamba pa akakolo, ndipo azivale mlungu wathunthu kuno ku Mtendere zisanapite kuthengo, kuti matuza atulukire pakhomo. Muikireni chipewa, chitenje, masokosi ambiri, tochi ya pamutu, botolo lalikulu la madzi, timapaketi ta ORS ndi nsawawa zokazinga. Ngati ulendowo ukhala wa mu Seputembala, adzafika nthawi imene miombo imatulutsa masamba atsopano mvula isanagwe, mapiri onse a ku Rufunsa atafiira ngati ayaka moto, kenaka n'kusanduka obiriwira m'milungu yochepa. Mumuuze akujambulireni pafoni, ndipo akabwera mumufunse kuti malasha amene ali pa tebulo lanu achokera ku mtengo uti.